Linga la Amber ndi Ubale wa Mafumu a Rajput ndi a Mughal

Linga la Amber, lomwe ena amalemba kuti Amer, lidamangidwa pamsana pa phiri lina la mu mtandadza wa mapiri a Aravalli, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 11 kuchokera mumzinda wa Jaipur, womwe ndi likulu la chigawo cha Rajasthan kumpoto chakumadzulo kwa India. M'tsinde mwa phirilo muli dziwe lalikulu lotchedwa Maota, limene limasunga madzi a mvula otsetsereka m'mapiri, ndipo pansonga penipeni pali linga lina, la Jaigarh, lomwe ntchito yake inali kulondera nyumba zachifumu zimene zili m'munsi mwake. Alendo ambiri okaona malo amafikako pa ulendo wozungulira mizinda itatu ya Delhi, Agra ndi Jaipur, ndipo kawirikawiri amauzidwa kuti ku Delhi ndi ku Agra kuli zomanga za mafumu a Mughal, omwe anali Asilamu, pamene ku Jaipur kuli za mafumu a Rajput, omwe anali Ahindu, ngati kuti mbiri ziwirizi zidayenda mosakhudzana kapena zidakumana pabwalo la nkhondo pokha. Mbiri ya Amber imatsutsa kagawidwe kotere, chifukwa chuma chimene chidamanga lingali chidapezeka potumikira mafumu a Mughal, ndipo nawonso ufumu wa Mughal udafutukuka kwambiri ndi lupanga la mafumu a ku Amber.

Dzina lakuti Rajput limanena mafuko ankhondo a kumpoto ndi kumadzulo kwa India amene ankalamulira maufumu ambirimbiri, aakulu ndi aang'ono, ndipo fuko lililonse linali ndi mzera wake wa makolo, malinga ake ndi adani ake, omwe nthawi zambiri anali a Rajput anzawo. Mafumu a ku Amber anali a fuko la Kachhwaha, limene lidalanda derali kwa anthu a mtundu wa Meena zaka mazana angapo a Mughal asanafike, koma kwa nthawi yaitali ufumu wawo unali waung'ono, wopanikizika pakati pa Mewar kummwera, Marwar kumadzulo ndi olamulira a ku Delhi ndi Agra kummawa. A Mughal anali banja lachifumu lochokera m'katikati mwa Asia, ndipo Babur, yemwe adayambitsa ufumu wawo ku India, adagonjetsa Ibrahim Lodi wa ku Delhi pa nkhondo ya ku Panipat mu 1526, kenako chaka chotsatira adagonjetsanso mgwirizano wa mafumu a Rajput wotsogoleredwa ndi Rana Sanga wa ku Mewar pa nkhondo ya ku Khanwa.

Zinthu zidatembenuka mu 1562. Raja Bharmal, yemwe ankalamulira ku Amber, anali pa mpanipani, pakuti achibale ake ena ankalimbirana naye ufumu, ndipo bwanamkubwa wa Mughal wa dera loyandikana adaima kumbali ya otsutsawo mpaka kugwira mwana wa mfumuyo ndi ena a m'banja lachifumu ngati chikole. Pa nthawiyo Akbar, mdzukulu wa Babur, ali mnyamata wosakwana zaka 20, ankadutsa m'deralo popita ku Ajmer kukapemphera pamanda a Muinuddin Chishti, mphunzitsi wolemekezeka wa Chisilamu, ndipo Bharmal adakamuchingamira, navomera ulamuliro wake, naperekanso mwana wake wamkazi kuti akwatiwe naye. Ukwatiwo udachitikira ku Sambhar, pafupi ndi nyanja yamchere ya dzina lomweli. Maukwati a pakati pa mafumu achisilamu ndi mabanja achihindu adachitikapo kale, koma chachilendo pa ukwati uwu chinali chakuti abale a mkazi sadasiyidwe kunja ngati ogonjetsedwa wamba, m'malo mwake adalowetsedwa m'kati mwenimweni mwa boma, osasiya chipembedzo chawo. M'zaka ziwiri zotsatira Akbar adathetsa msonkho umene Ahindu ankapereka popita ku malo awo opatulika, kenako mu 1564 adathetsanso jizya, msonkho umene anthu osakhala Asilamu ankapereka mu ulamuliro wachisilamu.

Kuti phindu la ubalewu limveke bwino, m'pofunika kudziwa mmene Akbar adakonzera boma lake. Nduna ndi akuluakulu a asilikali ankapatsidwa udindo wotchedwa mansab, womwe unkawerengedwa m'manambala, ndipo nambalayo inkasonyeza ulemu wa munthu, malipiro ake ndi kuchuluka kwa asilikali a pa akavalo amene ankayenera kusunga. Malipirowo kawirikawiri sankaperekedwa m'manja, koma munthu ankapatsidwa jagir, ndiye kuti dera loti azitoleramo msonkho kwa zaka zochepa asanasamutsidwe. Mafumu a Rajput amene adagonjera ankasiyiridwa dziko la makolo awo ngati watan jagir, dera losasamutsika limene linkapita kwa ana, ndipo pamwamba pa zimenezo ankalandira madera ena akutali malinga ndi udindo wawo. Motero mfumu ya kadziko kouma ka m'mapiri inkatha kudya msonkho wa m'zigwa zachonde za ku Bihar kapena ku Bengal, chuma chimene minda ya mapira ya ku Amber sikadatha kutulutsa ngakhale m'mibadwo ingapo.

Ubale wa magazi udakulanso msanga. Mwana wamkazi wa Bharmal uja, amene mabuku a Mughal amamutchula ndi dzina laulemu lakuti Mariam-uz-Zamani, adabereka Salim mu 1569, amene pambuyo pake adadzakhala mfumu Jahangir. Choncho Bhagwant Das, mlowam'malo wa Bharmal, anali malume a mfumu yam'tsogolo, ndipo mu 1585 adakhalanso apongozi ake pamene Salim adakwatira mwana wake wamkazi, Man Bai, amene adabereka Khusrau. Man Singh, yemwe adalowa ufumu wa ku Amber mu 1589, anali msuweni ndiponso mlamu wa Jahangir, komanso malume a Khusrau, kotero sizodabwitsa kuti Akbar ali pafupi kumwalira mu 1605, Man Singh adayesa kukankhira Khusrauyo pampando, zomwe zidalephereka ndipo zidasiya chikayiko mumtima mwa Jahangir.

Njira imene Amber adasankha siyinali yokhayo, ndipo mbiri yake siyimveka popanda kutchula ya Mewar. Mafumu a ku Mewar, a fuko la Sisodia, adakana kugonjera Akbar, ndipo mu 1567 iye adazinga linga lawo lalikulu la Chittor, limene lidagwa mu February 1568 atamenyana kwa miyezi inayi. Akazi a m'lingamo adadziponya m'moto pa mwambo wotchedwa jauhar, umene unkachitika pofuna kupewa kugwidwa ukapolo, amuna adatuluka kukafera pankhondo, ndipo Akbar adalamula kuti anthu wamba zikwizikwi amene adathandiza kuteteza lingalo aphedwe. Bhagwant Das wa ku Amber anali mumsasa wa Akbar pa nthawi imeneyi. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 1576, Man Singh ndiye adatsogolera gulu lankhondo la Mughal pokamenyana ndi Maharana Pratap wa ku Mewar pampata wa Haldighati, nkhondo imene imasokoneza aliyense wofuna kuiona ngati ya zipembedzo ziwiri, chifukwa asilikali a mfumu yachisilamu ankalamulidwa ndi Mhindu, pamene mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a Pratap anali Hakim Khan Sur, Msilamu wa mtundu wa Afghan. Pratap adathawira m'mapiri ndipo sadagonje mpaka imfa yake mu 1597, koma mwana wake Amar Singh adachita pangano la mtendere ndi Jahangir mu 1615, limene mwa zina lidaletsa kumanganso makoma a Chittor. Ichi n'chifukwa chake mlendo wa lero amapeza mabwinja ambiri ku Chittor pamene ku Amber amapeza nyumba zamphumphu.

Man Singh adatumikira ku Kabul, ku Bihar, ku Orissa ndi ku Bengal, komwe adakhala bwanamkubwa kuyambira mu 1594, ndipo adafika pa mansab ya 7,000, udindo umene unali wapamwamba kwambiri kwa munthu wosakhala mwana wa mfumu. Anali wokonda kumanga. Mu 1590 adamanga kachisi wamkulu wa Govind Dev ku Vrindavan, malo opatulika a mulungu Krishna, pogwiritsa ntchito mwala wofiira wa mtundu womwewo umene Akbar adamangira mzinda wake wa Fatehpur Sikri, ndipo mu 1592 adayamba kumanga nyumba yachifumu ya ku Amber pamalo pamene panali linga lakale. Mkazi wake Kanakwati adamanga kachisi wa Jagat Shiromani m'tauni ya kunsi kwa phiri pokumbukira mwana wawo Jagat Singh, amene adamwalira bambo ake adakali moyo. Pafupi ndi chipata chokwerera ku nyumba zachifumu pali kachisi wa Shila Devi, wa zitseko zasiliva, mmene muli chifaniziro cha mwala wakuda cha mulungu wamkazi chimene, malinga ndi mbiri ya banjali, Man Singh adabwera nacho kuchokera ku Bengal atapambana nkhondo kumeneko. Kachisi ameneyu ndi wamoyo mpaka lero, ndipo pa chikondwerero cha Navratri anthu a ku Jaipur amadzaza makwerero ake, osalabadira n'komwe za alendo ojambula zithunzi.

Nyumba zachifumuzi zidayalidwa m'mabwalo anayi, lililonse lokwererapo kuposa linzake ndiponso lobisika kuposa lapitalo. Wolowera pa Suraj Pol, chipata choyang'ana kotulukira dzuwa, amafika pa Jaleb Chowk, bwalo lalikulu pamene asilikali ankasonkhana pobwera kunkhondo. Kuchokera apo makwerero amakafika pa Singh Pol, chipata chimene njira yake imakhota mwadala kuti adani asathe kulowa mothamanga, ndipo kuseri kwake kuli bwalo lachiwiri, pamene pali Diwan-i-Aam, chinyumba chopanda makoma mmene mfumu inkamvera madandaulo a anthu. Dzina la chinyumbachi ndi la Chiperisiya, chinenero cha boma la Mughal, ndipo mwambo wakewo ndi womwe unkachitika ku Agra, koma woyang'anitsitsa pamwamba pa mizati yake, ina ya mwala wofiira ndi ina ya mwala wa mabo, amaona kuti zochirikiza denga zidasemedwa ngati mitu ya njovu, luso lochokera mu akachisi achihindu. Operekeza alendo amakonda kusimba kuti Jahangir atamva za kukongola kwa mizatiyo adachita nsanje, ndipo eni ake adaipaka pulasitala msangamsanga nthumwi zake zisanafike. Nkhaniyi ndi ya m'kamwa chabe, komabe ikusonyeza chinthu choona, chakuti mtumiki wa mfumu yaikulu ankayenera kusamala kuti ulemerero wake usaoneke wopitirira wa mbuye wake.

Zokongola kwambiri za ku Amber zidamangidwa ndi Mirza Raja Jai Singh, amene adalamulira kuyambira mu 1621 mpaka mu 1667. Chipata cha Ganesh Pol, cholowera ku nyumba zogona za mfumu, chidapakidwa maluwa ndi mphukira za mitundumitundu monga zimaonekera pa zomanga za mfumu ya Mughal Shah Jahan, koma pamwamba pa khomo pali chithunzi cha Ganesh, mulungu wa mutu wa njovu amene Ahindu amamupempha poyamba ntchito iliyonse. Pamwamba pa chipatacho pali kachipinda kokhala ndi jali, ndiye kuti mwala wosemedwa timabowo tambirimbiri ngati sefa, pamene akazi a kunyumba yachifumu ankasuzumira zochitika pabwalo iwo osaonedwa. M'kati mwa bwalo lachitatu muli munda wa maluwa wokonzedwa motsata charbagh, kalimidwe ka Chiperisiya kogawa munda ndi ngalande za madzi, ndipo mbali imodzi ya mundawo kuli Sheesh Mahal, nyumba imene makoma ndi denga lake zidamatidwa tizidutswa ta galasi tosawerengeka, tambiri totukumuka pang'ono pakati, kotero kuti nyali imodzi yoyatsidwa usiku inkaonekera m'kagalasi kalikonse ndipo chipinda chonse chinkathwanima. M'munsi mwa magalasiwo muli miyala ya mabo yosemedwa maluwa, agulugufe ndi tizilombo tina, mosamala kwambiri moti mitsempha ya masamba imaoneka.

Moyang'anizana ndi nyumba ya magalasiyi muli Sukh Niwas, mmene luso la amisiri lidalimbana ndi kutentha kwa Rajasthan, komwe m'miyezi ya May ndi June kumapitirira madigiri 40. Madzi ankatsetsereka pa mwala wopendekeka wosemedwa mizeremizere, nadutsa m'kangalande pakati pa chipinda mpaka kukathirira munda, ndipo mphepo yodutsa pamwamba pake inkalowa m'nyumba itazizira. Makoma adasalazidwa ndi araish, pulasitala wa laimu wopukutidwa mobwerezabwereza mpaka kunyezimira ngati mwala wa mabo, amene amakhala wozizira pomukhudza. Madzi onsewa ankachokera kudziwe la Maota kunsi kwa phiri, ndipo ankakwezedwa m'magawomagawo ndi magudumu okhala ndi mitsuko yomangiriridwa pa chingwe, kuchoka m'thanki ina kupita m'thanki yapamwamba pake, ntchito imene inkafuna anthu ndi ziweto tsiku ndi tsiku, ngakhale mayina a anthuwo sapezeka pa khoma lililonse. Bwalo lachinayi, lakale kuposa onse, ndi zenana, malo a akazi, mmene zipinda zidamangidwa mozungulira bwalo m'njira yakuti mfumu inkatha kulowa kwa mkazi mmodzi kudzera m'kanjira kobisika ena osadziwa.

Dzanja la Jai Singh limaonekanso ku Agra, ngakhale alendo ochepa ndiwo amauzidwa zimenezi. Malo a m'mphepete mwa mtsinje wa Yamuna pamene Shah Jahan adamanga Taj Mahal, mkazi wake Mumtaz Mahal atamwalira mu 1631, anali a banja la ku Amber kuyambira nthawi ya Man Singh, ndipo Jai Singh adapatsidwa nyumba zina mumzindawo posinthana ndi malowo. Makalata a malamulo a mfumu, otchedwa farman, amene adasungidwa mpaka lero, akusonyeza kuti Jai Singh yemweyo ndiye ankauzidwa kuti aonetsetse kuti osema miyala ndi ngolo zilipo zokwanira zotengera mwala woyera wa mabo kuchokera ku migodi ya ku Makrana ku Rajasthan kupita ku Agra. Mu ulamuliro wa Aurangzeb, mlowam'malo wa Shah Jahan, Jai Singh adatumidwa kummwera kukagonjetsa Shivaji, mtsogoleri wa anthu a Maratha, ndipo adamukakamiza kuchita pangano la ku Purandar mu 1665, namunyengerera kuti apite kukaonekera kwa mfumu ku Agra. Shivaji atatsekeredwa kumeneko n'kuthawa mu 1666, mlandu udagwera Ram Singh, mwana wa Jai Singh, amene ankamusunga, ndipo bambo wokalambayo adamwalira chaka chotsatira ku Burhanpur, nyenyezi ya banja lake itayamba kuzilala.

Kuyambira pamenepo ubale uja udayamba kuphwasuka. Mu 1669 Aurangzeb adalamula kuti akachisi ena agwetsedwe, ndipo m'zaka zimenezo chifaniziro cha Govind Dev chidachotsedwa ku Vrindavan n'kukabisidwa m'dziko la a Kachhwaha, pamene kachisi amene Man Singh adamanga adaonongedwa mbali ina. Mu 1679 msonkho wa jizya udabwezeretsedwa. Aurangzeb atamwalira mu 1707, mfumu yachinyamata ya ku Amber, Sawai Jai Singh wachiwiri, idaima kumbali ya mwana wa mfumu amene adagonja pa nkhondo yolimbirana mpando, ndipo wopambanayo, Bahadur Shah, adalanda Amber. Mu 1708 Jai Singh wachiwiriyu adagwirizana ndi mafumu a ku Marwar ndi ku Mewar, omwe makolo ake adamenyana nawo m'dzina la a Mughal, nalanditsa dziko lake, ngakhale pambuyo pake adabwereranso mu utumiki wa ufumuwo n'kukhala bwanamkubwa wa ku Malwa ndi ku Agra.

Mfumu yomweyi ndiyo idasiya Amber. Tauni ya m'chigwa chopapatiza inalibe malo ofutukukira ndipo madzi ankaperewera, kotero mu 1727 Jai Singh adayamba kumanga mzinda watsopano pachidikha, wa misewu yotakata yodutsana mowongoka, mothandizidwa ndi katswiri wa ku Bengal, Vidyadhar Bhattacharya, nautcha Jaipur potengera dzina lake. Kumeneko adamanga Jantar Mantar, zipangizo zikuluzikulu za miyala zoyezera kayendedwe ka dzuwa ndi nyenyezi, ndipo chifaniziro cha Govind Dev adachiika m'kachisi woyang'anizana ndi nyumba yake yachifumu, kumene chili mpaka pano. Kusamukaku kudapulumutsa Amber m'njira ina, chifukwa nyumba zosiyidwa sizidagwetsedwe kuti zimangidwenso motsata makonda a mibadwo yotsatira, ndipo zimene zikuoneka lero n'zofanana kwambiri ndi zimene zinalipo m'zaka za m'ma 1600. Ufumu wa Jaipur udalowa m'pangano ndi kampani ya Angelezi ya East India Company mu 1818, ndipo India atalandira ufulu wodzilamulira, udaphatikizidwa m'chigawo cha Rajasthan mu 1949.

Mmene anthu amakumbukirira mbiriyi zidasintha kwambiri m'zaka za m'ma 1800. James Tod, Mngelezi amene adagwira ntchito pakati pa mafumu a Rajput ndipo adasindikiza buku lake la Annals and Antiquities of Rajasthan mu 1829 ndi 1832, adatamanda kwambiri Mewar ndi Pratap, ndipo omenyera ufulu wa India adatenga Pratap ngati chitsanzo cha munthu wokana kugonjera mlendo. Zotsatira zake n'zakuti Man Singh, amene m'masiku ake anali Mhindu wamphamvu kuposa onse mu ufumu wa Mughal ndiponso womanga akachisi ambiri, amakumbukiridwa ndi ena monyinyirika, ngati munthu amene adagulitsa ulemu wa mtundu wake. Chiweruzo chimenechi chimaiwala kuti m'zaka za m'ma 1500 a Kachhwaha ndi a Sisodia sankadziona ngati dziko limodzi, komanso kuti Bharmal ankasankha pakati pa kugonjera Akbar ndi kumezedwa ndi anansi ake. Nkhani ya ukwati wa 1562 idakali yowawa kwa ena, moti pamene filimu ya Jodhaa Akbar idatuluka mu 2008, magulu ena a Rajput adachita zionetsero zoitsutsa, ndipo dzina lenilenilo lakuti Jodha Bai, limene operekeza alendo amatchulira mfumukaziyi, silipezeka m'mabuku a nthawi ya Akbar, lidadza pambuyo.

Mu 2013 bungwe la UNESCO lidaika Amber pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse pamodzi ndi malinga ena asanu a ku Rajasthan, omwe ndi Chittorgarh, Kumbhalgarh, Ranthambore, Gagron ndi Jaisalmer, kotero kuti linga la ogonjera ndi malinga a okana kugonja adalembedwa pa tsamba limodzi. Mzinda wakale wa Jaipur udawonjezeredwa pa mndandandawo mu 2019. Lingali tsopano limayang'aniridwa ndi boma la Rajasthan, ndipo mavuto ake ndi a malo ochuluka alendo: magalasi a mu Sheesh Mahal adatchingidwa kuti anthu asamawakhudze, pulasitala wakale amafuna amisiri odziwa kukonza ndi laimu m'malo mwa simenti, ndipo pali mkangano wosatha pa za njovu zimene zimanyamula alendo m'mamawa kukwera msewu wa miyala wopita pa Suraj Pol. Mabungwe oteteza nyama amati njovuzo zimavulala mapazi ndi misana ndiponso kuti nyengo youma ya kumeneku siyiziyanja, pamene eni ake ndi oziyendetsa, otchedwa mahout, amati ntchitoyi ndi ya makolo awo ndipo mabanja ambiri a m'tauni ya Amber amadyera pomwepo. Boma lidachepetsa maulendo amene njovu imodzi ingayende pa tsiku ndi chiwerengero cha anthu okwera, ndipo alendo ena tsopano amakwera pa galimoto kapena wapansi.